Mchere, mikanda ndi timadontho ta mwezi woyamba

Kumapiri a Ntchisi kumene ndinakulira, munthu woyamba kudziwa kuti mtsikana waima nthawi zambiri sankakhala mwamuna wake. Ngakhale mwini wakeyo ankakhala asanatsimikize. Woyamba ankakhala gogo wa pakhomopo, ndipo ankadziwira pa mchere.

Mwambo wake unali wotere. Mkazi akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo, kuopa kudula anthu a pakhomo, makamaka mwamuna ndi ana. Ankaphika ndithu, nkhwani n'kufewa, nsinjiro n'kulowa, koma ikakwana nthawi ya mchere ankaitana kamwana kosatha msinkhu: "Iwe, tabwera undithirire mchere." Ine ndinathirira mchere amayi aang'ono ndi akulu anga kwa zaka ndithu ndisanadziwe chifukwa chake. Agogo, amene anali namkungwi wa m'mudzi mwathu, ankakhala pakhonde akutongola chimanga ngati sakumva kanthu, chonsecho akuwerenga. Mwezi ukaoneka n'kufa, wina n'kuonekanso, mdzukulu wokwatiwa akuthirabe yekha mchere tsiku ndi tsiku, iwo ankadziwa kuti pali nkhani. Kuchipinda kunali chizindikiro china cha anthu awiri okha. Mkazi ankakoleka mikanda yofiira pamene mwamuna angaione, kumuuza kuti asamuyandikire, ndipo akamaliza ankaika yoyera. Mwamuna wochenjera ankazindikira kuti yofiira ija yakhalitsa osatuluka, koma sankafunsa. Nkhani yotere sinkayambira pakamwa pa mwamuna.

Za mdulo zinalembedwa kale, ndipo wansembe J.W.M. van Breugel anazifotokoza mwatsatanetsatane m'buku lake la Chewa Traditional Religion. Chimene ine ndinaona ndi maso n'chakuti mwambo wa mcherewu unkagwiranso ntchito ina imene palibe ankaitchula. Unkaulula msambo wa mkazi aliyense pakhomo popanda iye kulankhula, mwakuti amayi akuluakulu ankasunga m'mutu masiku a ana awo onse.

Mchere ukaulula, zizindikiro zina zinkangotsimikiza. Mtsikana ankalavulalavula, m'mawa n'kumachita nseru, fungo la usipa kapena la mafuta otentha n'kumuthamangitsa kukhitchini. Wina ankasinza ali pamtondo, wina n'kumafuna bwemba, mango osapsa kapena dothi la pachulu. Agogo ankayang'ananso mawere pamene mtsikanayo akusamba kudambo. Masiku ochira ankawerengera pa nyengo. Woima pa mvula yoyamba ya mu Novembala ankati adzachira nthawi yokumba mbewa, tchire litapsa, ndipo sankaphonya kwenikweni.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkasokoneza kuwerenga konseku, ndipo ndi chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe. Amayi ena pakati pakangoyamba amaona timadontho ta magazi, tofiirira pang'ono kapena toderako, kwa tsiku limodzi kapena awiri, kawirikawiri cha pamasiku omwe amayembekezera kusamba. Mtsikana wolangidwa bwino akaona magazi aliwonse ankasiya mchere. Pakhomo ponse pankamva kuti wasamba, chikhalirecho waima kale. Agogo ankaudziwa msampha umenewu, n'chifukwa chake akakayikira ankamutengera mtsikanayo kuseri kwa nkhokwe n'kumufunsa motsitsa mawu: "Anali ofiira bwanji? Watha masiku angati? Nyanda wachapa kangati? M'chiuno mumapweteka ngati masiku onse?" Akamva kuti kanali kabanga chabe, kosadzaza ndi nyanda imodzi yomwe, ankati, "Umenewo si mwezi, mwana wanga. Khala chete, tione wamawa."

Mabuku ambiri a zaumoyo amafotokoza timadonthoti motere. Dzira la mkazi likakumana ndi umuna m'kanjira kochokera kumene mazira amapangidwa, limayenda masiku angapo kutsikira m'chiberekero, ndipo pakati pa tsiku la 6 ndi la 12 kuchokera pamene linatuluka limadzikwirira m'khoma la chiberekerocho. Akuti pokwiririkapo timitsempha tina timang'ambika, magazi pang'ono n'kutuluka. Komabe akatswiri sagwirizana onse pa mfundoyi. Mu 2003 Emily Harville, Allen Wilcox ndi anzawo anasindikiza zimene anapeza kwa amayi a ku North Carolina ku America, amene ankapereka mkodzo tsiku lililonse ndi kulemba tsiku lililonse loona magazi. Mwa amayi 151 amene anatenga pathupi, 14 okha ndi amene anaona magazi m'masabata 8 oyambirira, ndipo magaziwo kawirikawiri sankagwera pa tsiku limene dzira linakhazikika. Ambiri ankawaona cha pamene msambo ukanabwerera. Mwa amayi 14 aja, 12 anabereka ana amoyo. Tikatenga miyezi itatu yonse yoyambirira, pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi alionse amaonako magazi. Choncho timadontho timachitikadi, nthawi zambiri sitiononga kanthu, koma patokha sitingauze munthu kuti waima kapena sanaime. Agogo sanaponde m'kalasi, koma podikira mwezi wachiwiri asanagamule, ankachita zolondola.

Wina angafunse kuti kabanga ka tsiku limodzi kangavute chiyani. Kumapiri kwathu kankatha kupasula banja. Kwa zaka zambiri amuna a ku Dowa ndi Ntchisi ankachoka kukagwira ntchito m'mafamu a ku Rhodesia ndi kumigodi ya ku Joni, mpaka ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha amuna a kuno oposa 70. Mwamuna akachoka, abale ake ankatsala akuwerenga miyezi ya mkazi wake. Mayi anga aang'ono ena zinawagwera. Amuna awo atanyamuka, patatha sabata ziwiri iwo anaona timadontho n'kusiya mchere monga anawalangira, ndipo mlamu wawo amene anabwera kudzacheza anamva akuitana mwana kuti athire. Mimba itaoneka, akuchimuna anakwera phiri n'kudzakhala pansi ndi ankhoswe. Mfundo yawo inali imodzi: mkaziyu anasamba mwamuna atapita kale, nanga pakatipa ndi pa yani? Atsibweni athu anasowa choyankha. Anayankha ndi agogo, amene anafotokoza zimene anamufunsa mtsikanayo kuseri kwa nkhokwe tsiku lomwelo, n'kupempha kuti mlandu udikire mpaka mwana abadwe. Mwanayo anabadwa wokhwima bwino, pa mwezi wachisanu ndi chinayi kuchokera pamene bambo ake ananyamuka, ndipo nkhani inathera pomwepo. Koma miyezi yonseyo mayi aja ankapita kuchitsime anthu akuwalozerana ndi milomo. Ndimaganizira amayi ena amene analibe gogo wowafunsa mafunso aja pa nthawi yake. Angati analipitsidwa kapena kusiyidwa ukwati pa mlandu umene sanapalamule?

Pakati pakatsimikizika sipankalengezedwa. Mtsikana ankauza gogo kapena namkungwi, iwo n'kudziwitsa ankhoswe, ndipo ena onse ankayembekezera chisamba, chinamwali cha mimba yoyamba, chimene kwathu chinkachitika mimba itaonekera bwino. Mpaka tsikulo munthu sankayenera kumuuza mtsikanayo kuti ndi wodwala, ngakhale aliyense akuona. Pa chisamba anamkungwi ankamukhazika pamphasa n'kumuuza zonse: mmene matenda amayambira, zoyenera kukonza, mmene angadzagwirire mtima pa tsikulo osakuwa. Mwamuna naye ankamuitana n'kumuuza mosapsatira kuti akayenda ndi mkazi wina adzapha mkazi wake ndi mwana yemwe. Panalinso zoletsa zambirimbiri: osadya mazira kuopa kubereka mwana wopanda tsitsi, osaima pakhomo kuopa kuti mwana adzaima panjira, osamanga mfundo pa nsalu.

Chinsinsi chija chinali ndi zifukwa ziwiri. Choyamba ndi mantha akuti wansanje akadziwa msanga amanga mimbayo kapena kuisowetsa. Mayi akadumpha mwezi, kenako n'kutaya magazi ambiri pa sabata yachisanu ndi chimodzi, anthu ankati mimba yabedwa, pamene lero tikudziwa kuti mimba zambiri zimachoka zokha m'masabata oyambirira popanda dzanja la munthu. Chifukwa chachiwiri ndimachilemekeza mpaka pano. Amayi akale ankadziwa kuti miyezi yoyamba ndi yosadalirika, ndipo sankafuna kuti mtsikana wopita padera achite manyazi pamaso pa mudzi wonse. Ankamusungira malo olirira payekha, ndi gogo wake pambali.

Sindingabise mbali yowawa ya mwambowu. Matenda akatalika m'chikuta, amayi omwewo ankamuumiriza mtsikana kuti aulule amuna amene anayenda nawo, poganiza kuti mwana akukanira chifukwa cha chigololo, pamene vuto linali chiuno chaching'ono kapena mwana wogona mopingasa. Ena ankamumwetsa mwanamphepo kuti matenda afulumire, chiberekero n'kung'ambika. Kuletsa mazira nakonso kunkamana mayi chakudya chimene thupi lake linkafuna kwambiri. Nzeru ndi ngozi zinkachokera pakamwa pamodzi, ndipo mtsikana analibe njira yozisiyanitsira.

Kusintha kunayambira ku Dowa komweko. Pa 28 Novembala 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga msasa pa Mvera m'dziko la Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe. Ku Ntchisi kunadzabwera Chinthembwe. Amishoni analetsa Akhristu kupita kuchinamwali, koma posapita nthawi anaona kuti atsikana a mumpingo akulowa m'banja ndi m'chikuta osadziwa kanthu, ndipo makolo ena ankawatumizabe kwa anamkungwi usiku. Pofika 1940, chaka chimene Chigwirizano cha amayi chinakhazikitsidwa, mpingo wa Nkhoma unali utakonza chilangizo chake, ndi alangizi osankhidwa mwa amayi a mumpingo, olangiza mtsikana pakutha msinkhu, pa ukwati ndi pa mimba yoyamba. Isabel Apawo Phiri analemba mbiri imeneyi m'buku lake la mu 1997 lonena za amayi Achichewa mumpingowu. Kwathu alangizi ndi anamkungwi ankakhala m'mudzi umodzi, nthawi zina pachibale, ndipo pa nkhani ya miyezi yoyambirira ankanena chimodzimodzi: khala chete, dikira.

Nthawi yomweyo kunja kunkachitika zina zimene kumapiri sitinkazimva. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ku Berlin, Selmar Aschheim ndi Bernhard Zondek anapeza kuti mumkodzo wa mayi woyembekezera muli chinthu chimene thupi limayamba kupanga dzira likangokhazikika, chimene lero amachitcha hCG. Ankabaya mkodzowo m'timbewa tatikazi, n'kutipha pakapita masiku kuti aone mazira ake. M'zaka za m'ma 1930 ntchito ya Lancelot Hogben ndi anzake a ku Cape Town inabweretsa njira ya chule wa m'madzi wa kum'mwera kwa Africa kuno. Akamubaya mkodzo wa mayi woima, chuleyo ankaikira mazira tsiku lisanathe, ndipo achulewa anatumizidwa m'zipatala za maiko ambiri mpaka cha m'ma 1960. Zoyezera kunyumba zinayamba kugulitsidwa m'ma 1970. Lero kachipangizo koviika mumkodzo kamapezeka m'mafamase a pa Mponela ndi pa boma la Ntchisi, ndipo funso limene agogo ankalidikira miyezi iwiri limayankhidwa m'mphindi zisanu. Kamaonetsa bwino kuyambira tsiku limene msambo wadumpha. Woyeza msanga, pa tsiku la timadontho lomwelo, akhoza kuona mzere umodzi chonsecho waima, choncho ndi bwino kubwerezanso pakatha sabata.

Mbiri ya azamba inayenda mokhotakhota. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 boma linayamba kuwaphunzitsa ndi kuwapatsa zipangizo. Mu 2007 linawaletsa kubereketsa. Mu 2010 pulezidenti Bingu wa Mutharika anati abwerere pa ntchito, ndipo mu 2012 Joyce Banda anayambitsa ndondomeko ya uchembere wabwino yodalira mafumu, amene anaika malamulo olipitsa mbuzi kapena ndalama banja lochirira pakhomo. Zidikiro zinamangidwa, ndipo amayi ochokera kuseri kwa mapiri anayamba kutsika ndi mbaula, ufa ndi mlezi wawo kukadikira masiku pafupi ndi chipatala, kaya pa boma la Dowa, ku Madisi, ku Mtengowanthenga kapena ku Malomo. Zotsatira zake zikuoneka pa kafukufuku wa dziko lonse. Mu 1992 ana 55 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala, pamene mu 2015 ndi 2016 anafika 91. Mu 2004 amayi 984 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, ndipo pofika 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika 439. Amene amalakalaka masiku a chikuta sanaikepo m'manda mtsikana wa zaka 17 ndi mwana ali m'mimba.

Koma kafukufuku yemweyo wa 2015 ndi 2016 anaonetsa chinthu china. Amayi 24 okha mwa 100 alionse ndi amene ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Tinasamutsa kuchira kuchoka m'chikuta kupita kuchipatala, koma miyezi yoyamba ija inatsalabe m'manja mwa mwambo wa khala chete. Mtsikana amaopa kuti akaoneka pamzere wa sikelo mudzi wonse udziwa chisamba chisanachitike. Wina amaopa mtunda, poti kukwera ndi kutsika mapiri aja ndi mimba yosaoneka kumamveka ngati kutaya tsiku la kumunda. Wina amabwezedwa kapena kuikidwa kumapeto chifukwa sanabwere ndi mwamuna, ndipo lamulo limene linakonzedwa kuti abambo azitenga mbali limasanduka chikwapu kwa amene mwamuna wake ali ku Joni kapena anamukana. Chikhalirecho miyezi imeneyi ndi imene mayi amafunika kuyezedwa magazi, chindoko ndi HIV, kulandira mankhwala owonjezera magazi ndi neti. Dziko lathu ndi limene linayamba mu 2011 kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo, ndipo mankhwalawo amateteza bwino mwana akayambidwa msanga. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti mayi azionedwa maulendo 8, loyamba masabata 12 asanathe.

Kuwerenga kwa masiku nako kwavuta kuposa kale. Mchere ambiri anasiya kuusala, ndipo gogo amene ankamvetsera pakhonde mwina ali kumudzi pamene mdzukulu akuchita lendi pa Mponela kapena pa Lumbadzi. Njira zolera, zimene boma linavomereza mu 1982, zapulumutsa amayi ambiri, koma jakisoni ndi kachipangizo ka pamkono zimasokoneza msambo. Wina amatha miyezi osasamba, wina amangodontheza. Mayi wosiya jakisoni akaona timadontho sadziwa ngati ndi msambo ukubwerera, mankhwala akutha m'thupi, kapena waima. Namwino akamufunsa tsiku lomaliza kusamba, amatchula la timadontho lija, ndipo kabuku ka sikelo kamalembedwa tsiku lochira lolakwika ndi mwezi wathunthu. Ndi bwino kumuuza namwino zonse ziwiri: tsiku la msambo weniweni womaliza, ndi tsiku la kabanga.

Choopsa kwambiri n'chakuti si magazi onse ochepa amene ali osavulaza. Nthawi zina dzira limakhazikika m'kanjira kaja osafika m'chiberekero. Mayi amaona timadontho toderako, n'kumamva kupweteka mbali imodzi ya chinena, ndipo kanjirako kakaphulika magazi amatayikira m'kati osaoneka kunja. Amachita chizungulire, thukuta lozizira, nthawi zina kupweteka pa phewa, kenako n'kukomoka. Apa malangizo a agogo akuti tione mwezi wamawa akhoza kupha munthu, chifukwa chofunika ndi opaleshoni tsiku lomwelo. Kale imfa yotere ankaiika pa mdulo kapena pa ufiti, popeza palibe ankadziwa n'komwe kuti malemuyo anali ndi pakati.

Ku Ntcheu, Inkosi Kwataine anapeza njira imene ndimaiona kuti ikugwirizana ndi chikhalidwe chathu. Anasankha amayi achinsinsi m'midzi, oti mtsikana akaima aziwauza mwakachetechete, iwo n'kuonetsetsa kuti wayamba sikelo msanga popanda kulengeza kwa anthu. Ndi ntchito yomwe ija ya gogo wa kuseri kwa nkhokwe, kungoti yankho lake lasintha. Palinso nambala ya Chipatala cha pa Foni, imene munthu angaimbe kwaulere n'kufunsa wazaumoyo popanda woyandikana naye kumva.

Iwe mtsikana amene waona timadontho ndipo mtima ukukayika, dikira tsiku lako losamba likwane, uyezetse mkodzo, ndipo ukapezeka kuti waima pita kusikelo miyezi itatu isanathe. Magazi akachuluka, kukapweteka mbali imodzi kapena ukachita chizungulire, usadikire kuti kuche. Inunso anamkungwi ndi alangizi a ku Dowa ndi Ntchisi, mwana akakunong'onezani, musungireni chinsinsi chake monga mwa kale, koma muperekezeni kusikelo sabata yomweyo. Chisamba mudzamuchitira pambuyo pake.